Shopu ya renti ikaonongeka: mafunso ndi mayankho kwa ochita malonda kuno ku Chipata

Chaka chilichonse mvula ikangoyamba kumapeto kwa Novembala madandaulo amakhala omwewo, wina denga ladonthera pa matumba a shuga, wina madzi otsika kumapiri kuja alowa pakhomo mpaka pansi pa kauntala, wina a khansolo amata chipepala pachitseko, ndiye onse amathera pa funso limodzi, renti ndilipirebe? Ine ndinapsapo kale pa nkhani imeneyi, shopu yanga ya zitenje ndi zosoka inakhala miyezi iwiri yotseka. Sindine loya, ndangosonkhanitsa zomwe anzanga amandifunsa kawirikawiri, nkhani yanu ikakula nyamulani mapepala mupite kwa loya.

Shopu sindingagulitsiremo, denga lagwa. Renti siyiima yokha?

Ayi siyiima, ndipo apa ndi pomwe ambiri timagwera. Mumtima zimamveka ngati chilungamo chake n'choti sindikugulitsa ndiye sindilipira, koma lamulo siliyenda choncho. Malamulo athu a renti ya malo a bizinesi anachokera ku England, ndipo kumeneko kuyambira kalekale makhoti amaona kuti lonjezo lolipira renti ndi lodziyimira palokha, silidalira momwe malowo alili. Pali mlandu wa 1647, wa Paradine ndi Jane, munthu anathamangitsidwa pamalo a renti ndi asilikali pa nthawi ya nkhondo, khoti linati alipirebe poti analonjeza ndipo sanalembe kuti nkhondo ikabwera asalipire. Tangoganizani, asilikali. Nanga kuli bwanji denga lodontha.

Renti imaima ngati agirimenti yanu ili ndi mawu onena kuti malo akaonongeka renti iime, kapena a landilodi avomera ndipo mwalemberana, kapena khoti lagamula. Mukangosiya kulipira mwakachetechete, miyezi ija imawerengedwa ngongole, ndipo choipa kwambiri mumawapatsa a landilodi ndodo yokumenyerani, chifukwa kuchedwetsachedwetsa renti ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe lamulo limawalola kukana kukupatsaninso malo. Munayamba muli olakwiridwa, mumathera kukhala olakwa.

Nanga woyenera kukonza ndani, ine kapena mwini nyumba?

Tsegulani agirimenti muwerenge, yankho lili mmenemo. Ambiri amagawana motere, denga, zipupa, maziko ndi mapaipi akuluakulu ndi za landilodi, pomwe penti ya mkati, magalasi, maloko ndi mababu ndi za wobwereka. Koma chimenechi ndi chizolowezi chabe. Pa malo a bizinesi, ngati sizinalembedwe, lamulo silimukakamiza kwambiri landilodi kuti malowo akhale oyenera malonda anu, limaona ngati munayendera, munaona ndi maso anu, munavomera. Ndipo maagirimenti ena amakhala ndi kamzere kamodzi koti wobwereka azisamala ndi kukonza nyumba yonse, munthu n'kusaina osawerenga poti akuthamangira makiyi asanatengedwe ndi wina.

Chomwe mwaononga nokha kapena wantchito wanu, mbaula yoiwalika usiku, mawaya olumikiza mwachidule kuti mafiriji awiri ayake pa soketi imodzi, chimenecho ndi chanu basi.

Tsiku loyamba ndichite chiyani?

Musanagwire tsache, gwirani foni. Jambulani zonse, denga, pansi, katundu, vidiyo yoyenda kuchokera pakhomo mpaka kumbuyo, muitanenso a shopu yoyandikana aone ndi maso awo. Kenako lembani kalata kwa a landilodi tsiku lomwelo, yaifupi chabe, chaonongeka ndi ichi, tsiku lakuti, sindikutha kugulitsa, chonde konzani pofika tsiku lakuti. Makope awiri, ina asaine musunge. Akakana kusaina ijambuleni muwatumizire pa WhatsApp.

Ndikulimbikira za kalatazi chifukwa cha zomwe zinandionekera. Mu Okutobala ndinaona kuti lata limodzi pakona lachita dzimbiri mpaka dzuwa kumalowa ngati nyenyezi, ndinawauza a landilodi pakamwa katatu, iwo n'kumangoti "musadandaule mayi, mnyamata abwera Loweruka". Loweruka lake silinafike. Mu Januwale inagwa yausiku wonse ija, mmawa ndikutsegula ndinapeza siling'i yalendewera ngati mimba ya ng'ombe, ikudontha madzi ofiira a dzimbiri, zitenje zomwe ndinali nditangooda kumene zonse mawangamawanga, makina osokera anyowa mpaka mkati mwa bobini, yunifomu za ana a anthu zomwe zimayenera kutengedwa Lolemba zikununkha chinyezi. Titakhala pansi kukambirana, bambo aja anandiyang'ana m'maso n'kuti "koma mayi, simunandiuzepo". Ndinasowa chowaonetsa. Pepala ndinalibe, ngakhale kameseji.

Lembaninso mndandanda wa katundu woonongeka pamodzi ndi malisiti a kumene munaoda, ndipo muitane mmisiri akulembereni mtengo wokonzera. Katundu woonongekayo musataye msanga.

Akungozengereza. Ndingakonze ndekha n'kudula pa renti?

Zimatheka koma mwadongosolo. Chinthucho chikhale chomwe agirimenti imati ndi udindo wa landilodi, mukhale kuti munawalembera n'kuwapatsa nthawi yokwanira, mtengo ukhale wosakokomeza, malisiti onse akhalepo. Chabwino koposa ndi kuti avomere polemba musanagule ngakhale msomali umodzi. Tinene renti yanu ndi K3,000 pamwezi, malata, misomali ndi mmisiri zakwana K4,200, mutha kulemberana kuti muzidula K1,400 miyezi itatu, onse awiri n'kusaina, nkhani yatha.

Musapezerepo mwayi woika matailosi ndi chitseko chagalasi n'kumati mudula pa renti. Kukongoletsa si kukonza, ndipo mukadula mopitirira, chotsalacho chimakhala ngongole yanu.

Ife tilibe agirimenti yolemba, tinangogwirizana pakamwa. Ndiye kuti ndilibe ufulu?

Muli nawo. Lamulo lalikulu pa nkhani zimenezi ndi Landlord and Tenant (Business Premises) Act, Chaputala 193 cha malamulo a Zambia, ndipo limateteza ngakhale amene anagwirizana pakamwa. Musalisokoneze ndi Rent Act, Chaputala 206, ilo ndi la nyumba zogonamo. Vuto la pakamwa ndi umboni chabe, ndiye malisiti a renti, mameseji a Airtel Money kapena MTN osonyeza kuti mumatumiza zingati tsiku liti, zonsezo musafufute. Amene amalipira kashi m'manja opanda lisiti, chonde gulani kabuku a landilodi azisainamo mwezi uliwonse.

Kwa omwe muli ndi pepala la zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu, dziwani kuti agirimenti yopitirira chaka chimodzi imayenera kulembetsedwa ku Lands and Deeds Registry. Ikapanda kulembetsedwa, zaka mukudalirazo zitha osawerengedwa pakhoti.

A landilodi akuti ndituluke kuti akonze nyumba. Nditani?

Apa pamafunika maso. Pali kutuluka kwa kanthawi kuti amisiri agwire ntchito, palinso kuchotsedwa kovala jekete la kukonza. Zimachitika kuti munthu wapereka makiyi ndi mtima woyera, wasungitsa katundu kwa achibale ku Kapata, akubwera patapita miyezi iwiri akupeza shopu yapentedwa bwinobwino, mkati muli wina wogulitsa mafoni amene akulipira renti yokwera.

Ndiye musanapereke makiyi lemberanani kuti mukutuluka kwa kanthawi, kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti, renti pa nthawiyo yaima kapena yatsika kufika pakuti, ndipo mubwerera pa renti yomwe ija. Popanda pepala limeneli, kupereka makiyi kumaoneka ngati mwabweza malo mwakufuna kwanu.

Ngati akufunadi kuti muchokeretu, Chaputala 193 chili ndi njira yake. Notisi iyenera kukhala yolemba, yosachepera miyezi 6 komanso yosapitirira miyezi 12, osati zija za "pakutha pa mwezi mutuluke". Inu mumayenera kuyankha polemba mkati mwa miyezi iwiri ngati simukufuna kuchoka, kenako kukapempha kukhoti kuti akupatseni nthawi ina yokhalapo, ndipo pempho limeneli limaperekedwa pakati pa miyezi iwiri ndi inayi kuchokera pomwe notisi inaperekedwa. Masiku amenewa ndi ouma, mukagona nawo ufulu umapita. Landilodi amaloledwa kukana pa zifukwa zomwe lamulo linatchula, mwa zina ngati akufunadi kugwetsa kapena kumanganso nyumbayo ndipo sangathe kutero inu muli momwemo, koma ayenera kulikhutiritsa khoti kuti ndi zoona, osati kungonena. Ndipo mukachotsedwa pa chifukwa ngati chimenechi, chomwe si kulakwa kwanu, lamulo lili ndi gawo la chipukuta misozi.

Shopu yapsa ndi moto. Agirimenti yathera pomwepo?

Siyithera yokha ayi, ngakhale zikumveka zankhanza. Onani ngati muli mawu onena za moto. Agirimenti yolembedwa bwino imati renti iime mpaka nyumba itakonzedwa, ndipo ikapanda kukonzedwa pa miyezi yakuti aliyense atha kuthetsa pangano. Ngati mulibe, khalani pansi msanga ndi a landilodi mulembe zothetsa kapena zoimitsa, nawonso nthawi zambiri amafuna malo awo kuti amange.

Tengani lipoti la ozimitsa moto a khansolo ndi la apolisi, chifukwa funso loti moto unayambira pati ndi lomwe limagamula wolipira. Mawaya akale a nyumba omwe munadandaulapo polemba ndi nkhani ina, ayironi yosiyidwa yoyaka ndi nkhani inanso.

Chinthu china chomwe anthu amadabwa nacho, inshuwalansi ya landilodi imakhala ya nyumba yake, katundu wanu mulibemo. Moto wa ku City Market ku Lusaka mu Julaye 2017 tonse tinauona pa TV, anthu atagwira mitu kuyang'ana phulusa la mpamba wawo. Chakudza sichiyimba ng'oma abale, amene muli ndi sitoko yolemera ngati feteleza, mbewu, simenti kapena mafoni, kafunseni mtengo wa inshuwalansi ya katundu, kufunsa sikulipiritsa.

Nanga ngati atseka ndi a boma kapena a khansolo?

Funso loyamba ndi lakuti atsekeranji. A zaumoyo a khansolo ali ndi mphamvu pansi pa Public Health Act kutseka malo auve kapena oopsa. Ngati atseka chifukwa chimbudzi cha nyumba yonse chinaphulika kapena chipupa chang'ambika, zomwe ndi udindo wa landilodi, muli ndi poyambira kufuna kuti renti itsike ndi kubwezeredwa zomwe mwataya, sungani kope ya chipepala anamata chija. Koma ngati atseka chifukwa laisensi yanu inatha kapena nyama ya m'butchala mwanu inalibe zikalata, a landilodi sizikuwakhudza.

Pomwe palibe wolakwa ndi pomwe pamavuta. Mukukumbuka 2020 nthawi ya korona, mabala ndi manaitikilabu anatsekedwa mu Malichi, anadzaloledwa kutsegula pang'ono mu Seputembala, eni mabala ambiri renti inkangowunjikana. Pali mfundo ya lamulo yoti pangano litha kufa lokha pakagwa chinthu chomwe palibe anachichititsa ndipo chapangitsa kuti panganolo lisathekenso, koma pa renti makhoti amaivomera mwa apo ndi apo kwambiri. Mlandu wodziwika ndi wa ku England wa 1981, National Carriers ndi Panalpina. Kampani inachita renti nyumba yosungiramo katundu mumzinda wa Hull kwa zaka 10, msewu umodzi wokha wolowera kumeneko unatsekedwa pafupifupi miyezi 20, malole osafika, koma khoti linati miyezi 20 pa zaka 10 ndi yochepa, renti ilipiridwe. Ndiye ngati atseka msewu wakutsogolo kwanu milungu isanu kuti akumbe ngalande, musadalire mfundo imeneyi, kambiranani zotsitsa renti basi. Pangano likafadi motero, za ndalama zomwe munalipiriratu zimaonedwa ndi lamulo lina, Law Reform (Frustrated Contracts) Act.

Magetsi kulibe, saluni yanga siyikuyenda. Ndi mlandu wa landilodi?

Ngati ndi kuzimazima kwa dziko lonse ngati kwa 2024 madzi atachepa ku Kariba, ayi, a landilodi sapanga magetsi. Koma ngati iwo adula dala waya wopita kushopu kwanu, atseka mpopi, kapena mumawapatsa ya mayunitsi pa mita yogawana koma osagula, ameneyo akuphwanya ufulu wanu wogwiritsa ntchito malo mwamtendere, womwe wobwereka aliyense ali nawo olo usalembedwe. Chimodzimodzi kuunjika njerwa ndi mchenga pakhomo panu mwezi wathunthu kapena kuzula chitseko.

Akhoma loko wawo pamwamba pa wanga, katundu ali mkati.

Musathyole, olo mtima ukuwawa bwanji, mudzasanduka ndinu wamlandu. Jambulani, itanani mboni, lembani kalata yofuna kuti atsegule, ndipo thamangirani kwa loya chifukwa khoti litha kupereka chiletso mwachangu. Kupolisi mutha kukanena kuti zilembedwe, koma kawirikawiri amakuuzani kuti nkhani za renti ndi za kukhoti.

Zoona zake n'zakuti landilodi ali ndi njira yogwirira katundu pa ngongole ya renti, koma imadutsa kwa mabelifi ovomerezeka okhala ndi zikalata zawo, osati adzukulu awo ndi anyamata a pa siteshoni. Akabwera afunseni zikalata, alembe chilichonse chomwe atenga, akusiyireni kope. Ndipo njira imeneyi ndi ya pomwe pali ngongole, n'chifukwa chake ndinayamba ndi zoti musasiye kulipira mwakachetechete. Ngati mukulipira uku mukudandaula, lembani pa kalata kuti ndalipira koma dandaulo langa la denga lidakalipo.

Ndatopa, ndingonyamuka ndikapeze malo ena?

Ngati mumalipira mwezi ndi mwezi popanda nthawi yoikika, perekani notisi yolemba molingana ndi mgwirizano wanu. Ngati munasaina zaka, kungochoka kutha kukusiyirani ngongole ya miyezi yotsala, pokhapokha kulakwa kwa landilodi kukhale kwakukulu moti khoti livomereze kuti ndi iye anaphwanya pangano, ndipo zimenezo musaziweruze nokha. Njira yosavuta ndi kulemberana kuti tathetsa tsiku lakuti, palibe wina ali ndi ngongole kwa mnzake kapena yatsala yakuti, dipoziti ndi renti yolipiriratu zibwezedwa tsiku lakuti. Jambulani shopu yopanda kanthu ndi manambala a pa mita tsiku lobweza makiyi.

Katundu woonongeka ndi phindu lomwe ndataya, angandilipire?

Angathe, ngati mungaonetse zinthu zitatu, kuti kukonza unali udindo wawo, kuti ankadziwa koma sanachite kanthu, ndi kuti mwataya zingati. Chachitatuchi chimatigwetsa ambiri poti malonda athu amakhala m'mutu. Woweruza sangalandire zoti "ndimagulitsa bwino kwambiri nyengo ya Khirisimasi", amafuna kabuku ka malonda a tsiku ndi tsiku, malisiti ooda, mbiri ya pa foni. Amayang'ananso ngati inu munayesetsa kupulumutsa zomwe zikanapulumuka. Mukaona kudontha n'kusiya matumba a ufa pomwepo masiku anayi, gawo limenelo mudzalinyamula nokha.

Mlandu wa pangano uli ndi malire a zaka 6, koma musadikire, mboni zimasamuka, foni zimabedwa pamodzi ndi zithunzi. Zithunzizo dzitumizireni pa imelo kapena kwa mwana wanu.

Ine zanga zinathera pakukhululukirana mwezi umodzi ndi theka wa renti. Za zitenje sindinaone ngakhale ngwee imodzi.

Ine ndili ndi tebulo mumsika wa khansolo, izi zikundikhudza?

Pang'ono chabe. Misika ngati Kapata ndi Saturday Market imayendetsedwa ndi malamulo a misika, Markets and Bus Stations Act ya 2007, ndiye dandaulo lanu limayambira kwa oyang'anira msika ndi ku khansolo. Sungani malisiti a msonkho ndi pepala lomwe anakupatsirani malo. Amene munabwereka tebulo kapena kantemba kwa munthu wina amene khansolo imamudziwa, inu m'mabuku mulibemo, msika ukamangidwanso dzina lotuluka ndi lake.

Thandizo ndingalipeze kuti kuno kwathu?

Yambani ndi kukambirana pali munthu wachitatu amene nonse mumamulemekeza, kaya wapampando wa ochita malonda, kaya akulu a mpingo kapena a kumzikiti. Chipata ndi yaing'ono, landilodi amene mwakangana naye lero mukumana naye pamaliro mawa, ndipo eni mashopu a ku Down Shops ndi m'tauni amadziwana. Koma zomwe mwagwirizanazo zilembedwe pomwepo onse asanaimirire. Zikakanika, kuno kuli khoti la majisitireti ndi High Court, kuli ofesi ya Legal Aid Board kwa omwe sangakwanitse loya wolipira, ndipo a ku Katete, Petauke kapena Lundazi mutha kuyamba kufunsa pa khoti la majisitireti la kwanuko. Ngati mwalandira notisi yochoka, pitani sabata yomweyo chifukwa cha masiku ndatchula aja.

Ndikufuna kulowa shopu yatsopano. Ndilembetse chiyani mu agirimenti?

Mawu oti malo akaonongeka osati chifukwa cha inu, renti iime kapena itsike mpaka atakonza. Mawu oti akapanda kukonza pa miyezi yakuti, tinene itatu, mutha kuchoka n'kubwezeredwa dipoziti ndi renti yolipiriratu. Ndani akonza denga, mapaipi, mawaya ndi chimbudzi, chilichonse chitchulidwe ndi dzina. Chilolezo chokonza nokha n'kudula pa renti akapanda kuyankha pa masiku akuti. Ndani ali ndi inshuwalansi ya chiyani. Ena adzakuuzani kuti "mayi inu mwachulutsa, anzanu amangolowa", musachite manyazi, landilodi wa nyumba yabwino saopa mizere imeneyi.

Ndipo mashopu ambiri timawaona nthawi ya dzuwa, Ogasiti, Seputembala, pomwe denga lililonse limaoneka labwino. Lowani masana muzimitse magetsi muyang'ane kumwamba ngati kukulowa kuwala, onani m'munsi mwa zipupa ngati muli mzere wa matope osonyeza pomwe madzi anafika chaka chatha, onani ngalande yakutsogolo ngati ndi yotsekeka. Mukapeza siling'i yokha ndiyo yangopentedwa kumene zipupa zili zakale, musafunse a landilodi, kagulireni ka dirinki pa shopu yoyandikana muwafunse chomwe chinachotsa amene analimo.